Phazi Langa pa Konkire ya a Mwale

Ndikakumbukira agogo a Mwale, ndimamva fungo la simenti yonyowa losakanikirana ndi utsi wa fodya wawo wopichira, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera kulira kwa fosholo ikupala m'wilibala, khwee, khwee, m'mawa wa Loweruka anthu ena onse a mumsewu wathu ku Lanham akadali m'mabulangete. Sanali agogo anga enieni. Anali mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda wa waya, bambo wa ku Mchinji, wamtali, wa imvi mbuu, amene anabwera ku America akuyendetsa galimoto ya bwana wina, bwanayo n'kubwerera kumudzi, iwo n'kutsalira. Ankadyera konkire. Ankathira makonde a kuseri kwa nyumba ndi tinjira ta galimoto tapakhomo, timene tonse tinkangoti driveway.

Amayi sanawakhulupirire kuyambira tsiku loyamba. Munthu wamkulu chotero, wopanda mkazi, wopanda mwana, wosatchula za kupita kwawo, kwa amayi anali funso loyenda ndi miyendo. "Munthu wosalakalaka kwawo ali ndi chimene anathawa," ankatero akupukuta mbale, maso ali pawindo. Masiku amenewo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi tinali owerengeka, ndipo kamodzi pamwezi tinkasonkhana kunyumba kwa mmodzi wa ife kupemphera ndi kudya. A Mwale ankafika moyambirira atamanga tayi, n'kukhala pafupi ndi chitseko, ana tikuwakwera m'maondo. Abale awo m'dziko lonselo anali ife basi.

Driveway yathu inali itang'ambika ngati chidendene cha mlimi, ndiye abambo, osamvera kung'ung'udza kwa amayi, anawapatsa ntchito. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ndinkawaonerera tsiku lonse: anaswa yakaleyo, anakumba, anathira timiyala n'kutsindira mpaka thukuta kuchucha m'zigongono, anayala waya, anakhoma matabwa m'mbali moti madzi a mvula azitsikira kumsewu osati kunyumba. Galimoto ya konkire itakhuthula n'kupita, anasalaza pang'onopang'ono, kenako anayamba kudula mizere pamwamba posalalapo. Ndinawafunsa chifukwa chake akuwononga ntchito yawo yomwe.

"Konkire imasweka basi, Tiya," anatero, fodya ali pakamwa. "Koma umaiuza wekha poswekera. Ndipo ukalakwitsa, konza ikadali yonyowa. Ikauma siyimva pepani."

Masana omwewo kunamveka belu la galimoto ya ayisikilimu. Ndinatuluka liwiro, wosavala nsapato, ndipo phazi langa lakumanja linangoti bwatha pakona pa konkire ija. Ndinkayembekeza mbama. M'malo mwake anandinyamula, ananditsuka phazi ndi paipi popeza simenti imawotcha khungu, kenako analowetsa fosholo pansi pa chidindo cha phazi langa mosamala ngati akunyamula dzira, n'kuchikhazika pathabwa. Padzenjepo anathira konkire yotsala m'wilibala, anasalaza, ndipo thabwa lija anapita nalo kwawo. Nditacheuka ndinaona amayi pawindo, dzanja lili kukamwa.

"Atapa phazi la mwana," amayi anauza abambo madzulo, mawu ali pansi. "Ndaona ndi maso angawa."

"Come on, amake Tiya, tili ku America kuno," abambo anaseka.

"Nanga mfiti sikwera ndege?"

Kuyambira pamenepo chilichonse chimene a Mwale ankachita chinali umboni. Kwa sabata yathunthu ankabwera m'mamawa kudzanyowetsa konkire ndi kuifunditsa masaka kuti isaume mothamanga, akung'ung'udza kanyimbo m'mphuno. Amayi ankati akulankhula nayo. Anandiletsa kuyandikira mpanda, ndipo masiwiti amene ankandipatsa ankathera m'bini. Kunena zoona, nanenso ndinayamba kuwaopa. Ndinkayang'ana kanyumba kawo kosungira zida, kamene kankakhala kokhoma, ndipo phazi langa linkanyerenyesa.

Nyengo yozizira itafika ndinadwala chibayo, ndipo ndinagona m'chipatala masiku angapo. Adokotala anati ndi kuzizira, amayi anangogwedeza mutu mwaulemu. Nditatuluka, anawaza mchere wambiri pa driveway, ati kuti madzi oundana asungunuke monga ankachitira anansi athu achizungu, koma ine ndinawamva akupemphera powazapo. Kutacha, pawindo tinaona a Mwale atavala chijasi, akusesa mchere wonse uja, kenako akuwaza mchenga kuyambira kumsewu mpaka pakhomo pathu penipeni. Ndani sadziwa chimene chimaopa mchere? Tsiku limenelo foni ya kukhitchini sinapume. Inalira kwa Amalawi a ku Bowie, inalira kwa a ku Germantown, ndipo amayi ankayamba ndi mawu omwewo, "Musauze munthu, koma..."

Abambo anali paulendo wa kuntchito. Loweruka masana amayi anamanga chitenje pamwamba pa jasi, anandigwira dzanja, ndipo tinazungulira mpanda. Tinawapeza a Mwale akutsuka chipande chawo chosalazira.

"Odi, a Mwale. Ndabwerera phazi la mwana wanga."

A Mwale anaika chipande pansi. Sanafunse kuti phazi lanji. Anatsegula kanyumba kaja, anakwera pa ndowa, ndipo pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, anatsitsa chinthu chokulungidwa munsalu yoyera. Linali phazi langa, louma gwa, zala zonse zisanu zikuoneka.

"Munalitengeranji?" anafunsa amayi.

"Nanga ndikanalisiya pamsewu, mayi? Phazi la mwana wamkazi, loonekera aliyense wodutsa? Kwathu sitichita zimenezo. Kulifafaniza ndinaopa, kulitaya ku dump kotayira zinyalala ndinaopanso, simudziwa amene angatole. Ndinati ndilisunge pamwamba mpaka atakula."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinati mundiseka. Inu ndi anthu asukulu."

"Nanga mchere?"

"Mchere umadya konkire yatsopano, imayamba kusupuka. First winter, sand only. Ndinauza bambo a kunyumba, mwina anaiwala."

Kenako anaweramitsa mutu n'kunena chimene sindidzaiwala: "Mwana uyu atagonekedwa, ineyo ndinatsitsa phazili kuona ngati lang'aluka. Ndinali ndi mantha kuposa inu."

Zimandiseketsa ndi kundipsetsa mtima nthawi imodzi: anthu awiri oopa chinthu chimodzi, mpanda wa waya uli pakati, wina akuteteza mwana kwa mnzake. Amayi analandira phazilo ndi manja awiri atapinda maondo, ndipo tinabwerera kwathu. Usiku usanagwe anali pafoni kachiwiri, kuimbira onse aja, kunena kuti analakwitsa. Onse anati, "Zikomo, tamva." Koma nkhani yotsutsa siyenda msanga ngati yoyamba ija.

Pamsonkhano wotsatira a Mwale anafika ndi tayi yawo, anakhala pafupi ndi chitseko. Kamnyamata kena katathamangira m'maondo mwawo, amake anakaitana ndi diso lokha. Mayi wa nyumbayo anawapatsa tiyi m'kapu yapepala, ena tonse tikumwera m'makapu agalasi. Amayi anga anadzuka, anatenga kapu yawo yomwe n'kukapatsa a Mwale, koma zinali zitaoneka kale. A Mwale anamwa, anathokoza, anatsanzika mapemphero asanathe. Sanabwerenso. Ntchito za kwa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia zinatha, munthu aliyense ali ndi chifukwa chake chomveka bwino, ndipo ena amene ankati sakhulupirira zaufiti ndi amene ankawoloka msewu msanga.

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo amayi ndinawakwiyira zaka zambiri. Lamlungu lililonse ankandituma ndi mbale ya nkhuku kuseri kwa mpanda, a Mwale n'kubweza mbaleyo yotsuka muli malalanje. Nyengo yozizira ikamayandikira ankabwerabe kudzayendera driveway yathu, kugwada, kusisita mizere yawo ija ndi chala, kumata pamene pakufunika. Pakati pa iwo ndi amayi panali moni waulemu basi. A Mwale anamwalira ndili ku sekondale, ndipo pamaliro tinali anthu okwana m'galimoto ziwiri. Amayi ndi amene analira mokweza ngati mlongo wawo.

Nyumba ija tinaigulitsa kalekale, koma ndikadutsa ku Lanham ndimachepetsa liwiro. Driveway ikadalipo. Inasweka ndithu, koma m'mizere momwe anaiuzamo.

Phazi lija lili kwanga, pamwamba pa kabati, munsalu yomweyo. Ana anga amati ndi zachikale, ndipo ine ndimavomereza, koma sindinaliikepo pansi. Chaka chatha amayi, amene tsopano amayendera ndodo ndipo amaiwala mayina a zidzukulu zawo, anandipempha kuti ndilitsitse. Analiika pamiyendo, anayendetsa chala m'zala zisanu zija. Ndinawauza kuti anayesetsa, kuti anaimbira aliyense, kuti anapepesa.

"Ndinapepesa, mwana wanga," anatero. "Koma inali itauma kale."