Tsiku Limene Ndinazula Timapaipi Tonse

Nditabwezedwa kuchokera ku Joni ndinafika ku Balaka ndi chikwama chimodzi komanso pakamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkatsuka magalimoto kumeneko, koma kwathu ndinkauza anthu kuti ndinali makaniko. Achimwene anga aakulu, omwe anali makaniko weniweni, anandilandira pakagaraja kawo kuseri kwa msika osandifunsa chilichonse.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankandinyansa. Munthu yemwe kale ankatsitsa injini m'mawa n'kuibwezera dzuwa lisanalowe, tsopano ankatha ola lathunthu akusisita waya umodzi ndi zala. Ine ndinkati ndi ukalamba, kapena matenda a shuga omwe anawapeza nawo zaka zingapo m'mbuyomo. Makasitomala ankati ndi kusamala, ndipo ankawakondera chomwecho. Ana awo anayi, alamu, ndi mayi athu ku Kalembo, onse ankadyera pagarajapo.

Lachinayi lina kunabwera mayi wina wa ku Nkaya, wogula nandolo m'midzi, ndi pikapu yake ya dizilo yokhala ndi tebo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini. Anati ikanyamula katundu n'kuyamba chitunda cha ku Machinga boma imafookeratu, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Achimwene analiza injini, kumvetsera, kuyendetsa dzanja m'katimo, n'kunena kuti tebo ilibe vuto. Zomwe zinatha ndi timapaipi ta labala tating'ono, timene timakoka mpweya kuti tebo igwire ntchito panthawi yake. Tinali titauma n'kung'aluka. Mayiyo anati adzabwera Loweruka m'mawa chifukwa matumba anali kudikira.

Lachisanu achimwene anayamba ntchitoyo. Ankagwira kapaipi kamodzi, kukatsatira ndi zala kuchokera pomwe kayambira mpaka pomwe kathera, kukazula, kudula katsopano pamuyezo wa kakaleko, kukalowetsa, kenako n'kupita pa kena. Pofika nthawi ya swala anali atasintha tiwiri tokha. Anasamba, kuvala mkanjo, n'kundiuza kuti ndisakhudze kanthu mpaka abwere kumzikiti.

Ine swala ndinali nditaisiya ku Joni. Ndinatsala ndekha ndi galimotoyo, mtima ukundiuza kuti lero aona mmene timagwirira ntchito ife oyenda kunja. Ndinatenga pulayazi n'kuzula timapaipi tonse totsala, kudula tatsopano, kutindandalika bwinobwino pakatoni. Takaleto ndinatiponya pamoto wa zinyalala. Nditabwerera kuti ndiyambe kulowetsa, ndinapeza timilomo tachitsulo ndi tapulasitiki mbwee, tonse tofanana. Sindinakumbuke ngakhale kamodzi komwe kankapita.

Atabwera sanakalipe. Analowetsa dzanja, zala n'kumayenda patimilomo topanda kanthu, uku ndi uku, kenako zinaima. Ndinawauza kuti asadandaule, pansi pa boneti pali kapepala kojambula njira za timapaipito, kozilala koma kooneka ndithu. Mizere yake ine sindinkaimva, koma iwo akanaimva. Ndinakapukuta ndi nsanza. Anawerama n'kuyang'anitsitsa pambali pake, pomwe panali chitsulo chokha.

"Ndi apa, achimwene," ndinatero ndikuloza.

"Ndakumva. Sindikuona."

Anakhala pansi patayala n'kundiuza zonse. Maso anayamba kuchita chifunga chaka chathacho. Kuchipatala anawauza kuti shuga wawononga m'kati mwa diso, si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo sadzaonanso bwino. Anali asanauze munthu, ngakhale alamu. Ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu. Ntchito ankaigwira potsatira zomwe zinalimo kale: chakale ndicho chinkawalondolera poika chatsopano. N'chifukwa chake ankachotsa chimodzichimodzi.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo, ngakhale pamene ankatikweza basi ya obwezedwa. Ndinapempha kuti ine ndiziyang'ana, iwo azigwira. Tinayesa masana onse, ine kufotokoza mizere, iwo kufufuza ndi zala. Koma ine sindinkadziwa dzina la chinthu chilichonse m'menemo. Ndinkangoti kakuda aka, kozungulira ako. Bodza langa la umakaniko linathera pomwepo, ndipo iwo sanadabwe n'komwe, zomwe zinandipweteka koposa. Tikaliza injini inkanjenjemera, kufuka, kenako kuzima.

Ndinati ndikaitane makaniko wina. Anakana. Anati ameneyo akangoima nawo mphindi zisanu adziwa, ndipo pofika madzulo msika wonse udziwa. Ndani angapereke mabuleki a galimoto yake kwa munthu wosaona? Tinayesanso mpaka dzuwa kupendeka, koma zinakanika.

Loweruka mayi uja anafika ndi dalaivala wake. Ine ndinali nditakonza kale bodza loti zipangizo zachedwa, koma nditangotsegula pakamwa achimwene anandigwira mkono.

"Amayi, pepani, galimoto yanu sitinaithe. Maso anga anatha. Ipititseni kwa wina woona."

Mayiyo anati pepani bambo, zonse mwini wake ndi Mulungu. Sananene choipa chilichonse. Koma dalaivala anali atamva, ndipo omwe anabwera kudzakoka pikapuyo ndi chingwe anamvanso. Sabata yotsatira pagaraja panabwera munthu mmodzi yekha, wodzabwereka jeke.

Tinakhala mwezi wathunthu tikutsegula m'mawa, kutseka madzulo, popanda galimoto. Alamu amati zikanaululikabe, amatero pofuna kunditonthoza. Mwina n'zoona. Koma mwinanso achimwene akanagwira ntchito chaka china, kapena ziwiri, mwana wawo wamkulu n'kumaliza sekondale m'malo mopita kumaganyu. Zaka zimenezo ndinawalanda ndine, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Akanandimenya bwenzi zili bwinoko.

Tsiku lomaliza anandipatsa bokosi la masipanala kuti ndikagulitse, poti kwa ine linalibe ntchito. Anakhoma loko okha, n'kuima pakhomopo nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, osati kumbali yomwe ndinaima.

"Ndigwire dzanja, undiperekeze pa minibasi ya ku Kalembo. Palibenso womubisira."