Tiyi wa Mumsika ndi Diso la a Bouchaib

Amene akufalitsa zoti a Bouchaib anayamba matama, pakamwa pake pawole! Bambo amenewa asoka mikanjo mumsika wa mumzinda wa Meknes zaka makumi atatu, osanyozapo moni wa munthu. Chinawasintha ndi matenda a shuga. Amadzibaya insulini pamimba kanayi pa tsiku, ndipo diso lamanzere linachita kale chifunga. Latsala lamanja lokha. Nanga telala wosaona adya chiyani?

Adokotala sanapsatire mawu: "Muziyenda ola lathunthu tsiku lililonse, zotsekemera musiye. Apo ayi, nalo linalo lipita."

Anayambadi kuyenda. Koma mumsika muno ungadutse pakhomo pa mnzako osakhala pansi? Akangoponya phazi, a Larbi ogulitsa nyama ayamba kale kukuwa: "Inu atelala! Liwiro limeneli mwaba nkhuku ya yani? Khalani apa!" Tiyi uyo wabwera, shuga wake woti supuni n'kuima yokha. Akadzuka apo, a Mbarek osoka nsapato nawo athira wawo. Pofika kumzikiti, matambula asanu ali m'mimba, thukuta osatuluka n'dontho lomwe. Akadziyeza magazi kunyumba, mayi Zhor, akazi awo, ankangogwira kumutu.

Tsiku lina anayesa kukana tiyi wa a Larbi. "Achimwene, lero ayi. Kapena mundipatse wopanda shuga."

"Wopanda shuga? Pakhomo panga pano mlendo amwe madzi otsukira mbale? Agogo anga anamwa tiyi yemweyu mpaka mano onse kutha. Ingonenani kuti tambula yanga ndi yauve!"

"Diso, a Larbi. Diso langa."

"Diso ndi la Mulungu. Imwani!"

Anamwa, n'kuthokoza.

Mawa lake anasintha njira. Masiku ano amatulukira chipata cha kumpoto n'kumazungulira mpanda wa kumanda okhaokha, zipatso zitatu za kanjedza zili m'thumba kuopa kuti shuga angatsikitse. Kumeneko kulibe wowaitana. Shuga anakhazikika ndithu, ulusi akulowetsabe okha m'singano.

Koma amumsika sakhululuka msanga. A Mbarek akawaona amaweramira nsapato. Mwezi wathawu a Larbi anakwatitsa mwana wawo wamkazi. Zovala za ukwati anakasoketsa kwa telala wina, ndipo a Bouchaib, mnzawo wa zaka zonsezi, sanaitanidwe. Tsiku la ukwatilo ng'oma zinkamveka mpaka kumanda. A Bouchaib anaima pang'ono, kumvetsera, kenako anapitiriza ulendo. Ola linali lisanakwane.