Mtsikana Amene Anakana Kugona Chagada

Nditagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zingapo ku Mitundu, akuluakulu anandituma kuti ndizikathandiza anzanga pa kachipatala kena kufupi ndi Nathenje. Panali zinthu zimene ofufuza anapeza kuti zimathandiza mayi ndi mwana: mayi aziyendayenda matenda akayamba, azimwa madzi kapena phala, alowe ndi munthu wake m'chipinda chochirira, achire mmene thupi lake likufunira, ndipo mwana akabadwa agonekedwe pachifuwa pa mayi ake, mchombo osaudula mothamanga. Ku Mitundu zambiri mwa izi tinali titazizolowera. Ntchito yanga inali kukhala nawo masiku ena pa sabata mpaka nawonso azolowere.

Ndinkapita pa njinga yamoto kudutsa m'minda ya fodya, chifukwa njira ya minibasi ndi yozungulira. Kumeneko ndinapeza azamba amodzi achikulire, aatali, osalankhulalankhula, amene nthawi zambiri ankagwira ntchito okha. Anandilandira bwino, koma nditangoyamba kufotokoza anandidula.

"Achemwali, zonsezo tinazimva kumaphunziro ku Lilongwe. Palibe chachilendo."

Ndinasiya zofotokoza, n'kuyamba kugwira nawo ntchito: kuyeza oyembekezera, kutsuka zida, kusintha mapepala apulasitiki a pabedi. Za madzi ndi phala sizinavute. Zoyendayenda pakhonde anazilolanso. Koma nthawi yochira ikakwana, mayi aliyense ankagona chagada, ndipo pamenepo azambawo sankafuna zokambirana.

Tsiku lina masana, nyengo yothyola fodya, kunabwera mtsikana wa mimba yoyamba, mkazi wa tenanti. Kwawo kunali ku Phalombe, kuno analibe m'bale. Anamuperekeza mayi wina wa pa esiteti yomweyo, manja ali bii ndi phula la fodya, poti anachoka ali pakati posoka masamba a fodyawo. M'chipinda chochirira munali mabedi awiri, ndipo linalo linalibe munthu, choncho ndinapempha kuti mayiwo alowe. Azamba anawalozera sopo ndi ndowa.

Mtsikanayo sankakhazikika pabedi. Ululu ukabwera ankatsetserekera pansi, n'kugwada pasimenti atagwira chitsulo cha bedi.

"Anesi, ndikagona msana ukuthyoka," anatero akulira.

"Kwera pabedi, mwana wanga," anayankha azamba. "Pansipo sindingakufike."

Ndinawayandikira n'kunong'ona. "Amayi, bwanji timusiye? Ndigwada ndine."

Anapukusa mutu. "Inu mugwada lero. Mawa muli ku Mitundu, ine ndili ndekha." Anakweza pang'ono diresi yawo yoyera, ndipo ndinaona mawondo otupa, onyezimira. "Awa anasiya kupinda kalekale. Ndikagwada pansipa, mwana ali m'manja, adzandidzutsa ndani?"

Kumaphunziro tinkayeserera ndi chidole patebulo, ndipo panalibe amene anafunsapo za mawondo a mzamba.

Mtsikanayo anabuula kwambiri. Nthawi inali itatha.

"Nanga akagwada pabedi pomwepo?" ndinafunsa.

"Bedi ili limagwedera."

Tinalikankhira kukhoma, ine n'kuliponda mwendo umodzi ndi phazi. Mayi operekeza aja anaima kumutu, mtsikanayo n'kukwera, kugwada, n'kuwakoloweka manja m'khosi. Mayiwo ankamulankhula Chilomwe chosakaniza, chimene anatola kwa anzawo pa esiteti, ndipo mtsikanayo anasiya kukuwa, n'kuyamba kumvera.

Azamba anaima kumbuyo, ali chilili, osawerama n'komwe. Mutu utaoneka anadodoma.

"Zonse zatembenuka apa, achemwali. Nkhope ikundiyang'ana."

"Ndi momwemo, amayi. Manja anu ndi omwewo, ingomutsatirani."

Anamutsatiradi. Kunabadwa mwana wamkazi, wolira mwamphamvu. Tinamudutsitsa kutsogolo, mayi ake n'kutembenuka pang'onopang'ono, kutsamira khoma, mwana ali pachifuwa. Azamba anatenga sizasi mwachizolowezi, kenako anaibweza m'mbale n'kugwira mchombo ndi zala ziwiri. Anadikira mpaka unasiya kugunda.

Amene anavuta tsopano anali operekeza. Anafuna madzi ofunda kuti amusambitse mwana.

"Lero sasamba," anatero azamba. "Angazizidwe. Tamupukuta, zakwana."

"Mwana akhale choncho mpaka mawa? Bambo ake akabwera amuone ali ndi zoyerazi?"

"Adzaona nkhope. Bweretsani chitenje china."

Mayiwo anabweretsa chitenjecho akung'ung'udza, ndipo anang'ung'udzabe mpaka mwana atayamba kuyamwa. Bambo wa mwanayo anafika dzuwa litapendeka, pa njinga yobwereka, atanyamula mabanzi ndi shuga. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kufunsa kawiri ngati onse ali bwino.

Sindinganene kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinasintha. Azimayi ambiri ankasankhabe kugona chagada, poti ndi mmene anachirira ana awo oyamba. Kusiyana kwake kunali kwakuti azamba anayamba kufunsa, ndipo wofuna kugwada kapena kugonera m'mbali sankamuletsa. Bedi lija analisiya kukhoma, ataliika njerwa kumwendo. Zodikira mchombo ndi zosasambitsa mwana tsiku loyamba zinakhazikika. Zolowetsa operekeza zinkatheka bedi linalo likakhala lopanda munthu. Kukadzaza, operekeza onse ankatulutsidwa, chifukwa chipindacho n'chimodzi ndipo katani yake inali yosakwanira. Ndinakanena kwa akuluakulu kangapo, koma pamene ndinkasiya kupitako nkhaniyo inali isanayankhidwe.

Mtsikana uja anabwera ndi mwana wake kusikelo kangapo, mwanayo akunenepa bwino. Fodya atagulitsidwa, operekeza aja anadzatiuza kuti banjalo labwerera ku Phalombe.