Timabotolo takuda ta ku Ilford

Ntchitoyi anandipezera ndi mkulu wina wa kutchalitchi kwathu ku Romford, kuno ku dziko la azungu, nditatopa ndi kuyenda ndi digiri m'chikwama. Kanali kakampani koyeza mpweya m'nyumba zalendi. Bwana wanga Gary anali munthu wosakhulupirira aliyense, ngakhale mkazi wake akamuuza kuti kunja kukugwa mvula ankayamba wasuzumira pawindo.

Anandiphunzitsa za radoni, mpweya wochokera m'nthaka umene suoneka, sununkha, koma ukaunjikana m'nyumba kwa zaka umabweretsa khansa ya m'mapapo. Nyengo yozizira umachuluka chifukwa anthu amatseka paliponse. Poyeza tinkasiya timabotolo tiwiri takuda tapulasitiki, kena pabalaza, kena kuchipinda chogona, kutali ndi windo ndi hita. Pakatha miyezi itatu tinkatitenga n'kutumiza kulabu.

Nyumba yanga yoyamba inali fulati yapansi pa nthaka ku Ilford. Munkakhala Mai Tembo a ku Chipata ndi mwana wawo wamkazi. Mabowo olowetsa mpweya anali atawamata ndi tepi, pansi pa chitseko atatsekapo ndi thaulo. Nditawalonjera m'Chichewa ndinkayesa akondwa, koma nkhope yawo inachita kugwa.

"Ba landilodi ndiye bakutumani?" anafunsa. "Boila ya madzi otentha inafa kudala sibabwela, lelo bayamba kutikonda?"

Ndinafotokoza zonse, ndinaika timabotolo, iwo akungondiyang'ana ndi diso la nkhwezule.

Zotsatira zitabwera mu Febuluwale, Gary anandiitana. "Mpweya uwu ndi wa panja," anatero. "M'nyumbamo unalowadi, kapena unangotaya zinthu zanga pakhomo?" Zinandipweteka kwambiri. Anandiuza kuti ndikapanda kubwera ndi yankho ndisabwerenso.

M'sitima ndinkakayikira landilodi. Ndani wina angafune kuti nyumba yapansi ioneke yabwino? Koma nditafika ndinaona mphika wa maluwa pamasitepe akunja, m'dothi lake muli timaenje tiwiri tozungulira, tofanana ndendende ndi matako a timabotolo tanga.

Mai Tembo sanakane. "Ninatuchosa tsiku lamene lija. Imwe muganiza ndine wopusa? Tuja tunthu tumamvela." Kenako anatsegula chitseko cha kuchipinda. Pansi panali matiresi, ndipo panakhala mng'ono wawo, amene pa mgwirizano wa lendi panalibe dzina lake. "Muzungu sanganigwile," anatero. "Wamene amakugulisa ni wa kwanu, wokamba chitundu chako."

Ndinapsa mtima, chifukwa ntchito yanga inali kutha kaamba ka mphika wa maluwa. Komanso ndinkaona matiresi aja, pansi penipeni, pamene mpweyawo umatulukira. Ndinatenga kabotolo katsopano m'chikwama, ndinakatsegula ndi sikuludiraiva iwo akuona, ngakhale ndinkadziwa kuti kawonongeka. M'kati munali kachidutswa ka pulasitiki basi, mopanda batire, mopanda waya.

"Mwaona mayi? Kalibe khutu. Ikani mtima pansi, palibe chimene chikuchitikireni."

Anakatembenuza, anakanunkhiza, kenako anavomera. Ndinaika tina tiwiri, ndipo Gary, atamva nkhaniyo, anandilola kupitiriza ntchito monyinyirika.

Ulendo uno zotsatira zinabwera zokwera. Landilodi analangizidwa kuika fani yokoka mpweya pansi pa nyumba, ndipo anabwera yekha ndi amisiri. Anaona matiresi, anaona mswachi wachitatu m'bafa. Sipanapite nthawi anauza Mai Tembo kuti asamuke.

Ndinakumana nawo pa siteshoni ya basi ku Ilford atanyamula zikwama zazikulu zamizeremizere, mng'ono wawo atagwira mwana padzanja. Ndinayamba kunena kuti m'nyumba muja munali poizoni, kuti kutulukamo kwawapulumutsa. Zinali zoona, koma pakamwa panga zinkamveka ngati bodza.

"Sininakuuzeni?" anatero, osakweza mawu. "Kanamvela."

Ntchitoyi ndikugwirabe, ndipo timabotolo ndimaikabe, chifukwa radoni sasankha amene ali pa lendi ndi amene palibe. Koma ndisanaike ndimamuuza munthu zonse: kuti zotsatira zipita kwa mwini nyumba, ndiponso kuti zikakwera adzabwera ndi maso ake. Mawu akuti palibe chimene chichitike sindinawanenenso kwa munthu.