Chipsera cha Simbi pa Diresi Langa la Teteroni

Ndinali ndi diresi la teteroni, la buluu, lofika kumunsi kwa maondo monga lamulo la masiku amenewo linkafunira. Pamsana pake, cha kuphewa lakumanzere, panali chipsera cha simbi, chosongoka kumwamba, chofiirira, chouma gwa. Ndinalivala kutchalitchi chaka chathunthu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkathamangira benchi yakumapeto kuti kumbuyo kwanga kukhale khoma lokha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nyengo imene boma linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe.

Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho amayi ankatilera ndi ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu. Kuseri kwa nyumba yathu, m'tauni yakale kufupi ndi mtsinje, kunali zingwe zoyanikira, mabafa a malata, ndi amayi awiri olembedwa ntchito amene ankachapa uku akudya miseche. Wosita anali mmodzi, bambo wachikulire wochokera kumudzi cha ku Mitundu, mkulu wa mpingo kwawoko. Tonse tinkawatcha adobi, dzina la ntchito limene anabwera nalo kuchokera ku esiteti ya fodya komwe anasitira azungu zaka zambiri.

Simbi yawo inali ya makala, yolemera, yokhala ndi katambala kachitsulo potsekera. Ankaigwedeza m'mwamba kuti makala ayake, kenako n'kuiyandikitsa patsaya kuti amve kutentha kwake. Sitachi ankapanga okha ndi chinangwa. Kolala yosita iwo inkaima njo mpaka madzulo. Koma kuchedwa kwake! Ankasita chilichonse, matewera, matawulo, ngakhale masokosi, kunja ndi m'kati, akudinikiza m'misoko uku akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Ukawauza kuti afulumire ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Kenako tauni inatembenuka. Malole ankadutsa pamlatho kuyambira m'mawa, atasenza njerwa ndi katundu wa m'maofesi. Kumene kunali minda ya chimanga kunatuluka misewu yotakata ndi nyumba zoyera za ku Eliya 15 ndi ma Eliya ena a manambala. Fumbi lofiira linali paliponse, m'mphuno, m'tiyi, m'malaya. Makalaliki a boma ankachoka kunyumba atavala zoyera, pofika masana kolala yafiira, ndipo kufiira kumeneko ndiye kunali chakudya chathu. Mitolo ya zovala inachuluka mpaka tinkasowa popondapo. Amayi sanagone tulo. Anapeza kachipinda kokhala ndi magetsi kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msika, nagula simbi ziwiri za magetsi, n'kulemba anyamata awiri amanja opepuka.

Anthu a ku Zomba aja anabweranso ndi nsalu yachilendo, teteroni, yosalala, yosachedwa kuuma, yoopa moto. Adobi anaikapo simbi yawo ya makala pa shati ya bwana wina monga ankachitira ndi zathonje. Fungo lake ndimalimvabe, ngati la pepala la pulasitiki logwera pamoto. Shati inamatirira kusimbi. Adobi anaimatula itapsa kale.

Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anali kalaliki amene anasamuka ndi unduna wawo, ndipo ankavala tayi ngakhale pobwera kudzadya mbatata kwathu. Sanali munthu woipa, koma ankakhulupirira kuti nzeru zonse zinabwera pa malole a ku Zomba. Anauza amayi kuti ku Siti Senta kukutsegulidwa sitolo yochapa ndi makina, ndipo ngati sachangamuka adzatsala akuchapa zovala zawo zokha. “Achemwali, nthawi yasintha. Madalawa apatseni njira azikalima. Ndipo matewera amasitiranji? Mwana amapita nawo ku ofesi?”

Amayi anatola theka la malangizowo. Adobi sanawachotse, koma anawalanda tebulo n'kuwapatsa njinga kuti azikatula zovala m'ma Eliya, nati za mtsogolo tidzaziona ikadutsa Khirisimasi. Aliyense pabwalopo anamva tanthauzo lake. Analamulanso kuti matewera ndi matawulo azingopindidwa akachoka pachingwe. Adobi anakhuthula makala m'simbi yawo, naipukuta, naiika pashelefu. Ananena mawu amodzi okha, mwaulemu, atavula chipewa: “Mayi, ntchentche sizikudziwa kuti likulu lasamuka.” Anyamata aja anaseka. Inenso ndinaseka, ndisabise.

Mvula inagwa, mango anapsa, ntchentche zinadzaza tauni. Ndimawakumbukira adobi akukankha njinga pachitunda, mtolo utaphimbidwa ndi pepala, matope ali mpaka m'maondo. Sanadandaule. Koma nyimbo ija inaleka.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wa ku Eliya 15, mkazi wa kalaliki, atanyamula khanda lolira mosalekeza. Analivula thewera pamaso pathu. Matako ndi ntchafu za mwanayo zinali ndi zithupsa zofiira, chilichonse chili ndi kadontho kakuda pakati. Mayiyo anali wamng'ono, mwana wake woyamba, ndipo mantha ndi ukali zinali zitamugwira pamodzi. Adobi, amene ankamangirira mtolo panjinga, anayandikira napempha mafuta odzola. Anamata pachithupsa chimodzi, tinadikira, kenako kamutu koyera kanasuzumira kufuna mpweya. Anafinya pang'onopang'ono, mphutsi n'kugwera pachala chawo. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ankasitira m'misoko. Ntchentche ina imaikira mazira pa chovala chonyowa chili pachingwe, ndipo chimene chimawapha ndi moto wa simbi basi. Mmodzi wa ochapa aja ananong'oneza mnzake kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Mayi uja anafunsa kuti wachita zimenezi ndani, amuone nkhope. Anyamata awiri aja anayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu. Kukanakhala kosavuta kuloza mmodzi. Amayi anapukuta manja pachitenje nati, “Ndine, mayi. Anawa anachita zimene ndinawauza.” Ine lero ndakalamba, ndayang'anira anthu pantchito zaka zambiri, ndipo mabwana amene ndawamvapo akunena mawu amenewa pamaso pa antchito awo sakwana zala za dzanja limodzi. Kuvomerako sikunathandize. Mayiyo anatenga zovala zake osabweranso, ndipo anakoka anzake awiri oyandikana nawo nyumba.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha, adobi apambana, katambala katsika pashelefu. Amayi ankaona patali kuposa pamenepo. Matewera anayambadi kusitidwanso tsiku lomwelo, koma teteroni sanali kubwerera ku Zomba, ndipo munthu wosatha kumusita analibe malo patebulo. Anawauza adobi mosazungulira kuti akufuna aziyang'anira anyamata aja, koma ayambe aphunzira simbi ya magetsi. Adobi anakana. Anati manja awo akalamba, zizungu zolembedwa pa kagudumu kosinthira moto sangaziwerenge, ndipo kuli bwino apite kumudzi kusiyana n'kuti ana awaseke kachiwiri. Anali ataika kale bulangete lawo m'thumba.

Loweruka masana amayi anatuma anyamata onse awiri kukatula zovala kutali, kumene sakanabwerako msanga. Anaitanira adobi kukachipinda ka magetsi kaja, natenga msomali n'kukanda zizindikiro pa kagudumu kaja, mzere umodzi wa teteroni, itatu ya thonje. Kenako anapita kunyumba n'kubwerako, ine ndili pambuyo pawo, atanyamula diresi langa la Khirisimasi, limene ndinali ndisanalivalepo, limene ndinkalitulutsa m'sutikesi tsiku lililonse kungolinunkhiza. Munali teteroni mmodzi yekhayo m'nyumba yathu yonse. Analiyala patebulo.

Adobi anaiyandikitsa simbi patsaya monga mwa chizolowezi. Inali yopepuka kwambiri kwa dzanja lozolowera chitsulo cholemera, ndipo dzanjalo linkanjenjemera. Anaitsitsa pamsana pa diresi, naima pang'ono, kudinikiza monga anachitira moyo wawo wonse. Fungo lija linabwera. Ndinakuwa ngati andiotcha ineyo. Adobi anaika simbi pambali n'kuyamba kufuna chipewa chawo. Amayi sanandicheukire n'komwe. Anatembenuza diresilo, naliwongola ndi chikhatho, nati, “Pitirizani, bambo. Kutsogoloku kudakali.”

Anapitiriza. Ine ndinali pakhomo ndikulira, koma ndinkaona. Dzanja linayamba kuyenda osaima, kolala, mikono, mapindo a m'chiuno mmodzimmodzi. Pofika kumpendero nyimbo ija inali itabwerera. Kutsogolo kwa diresilo kunatuluka kokongola kuposa mmene linachokera m'sitolo, ndipo zimenezi zinangowonjezera mkwiyo wanga.

Adobi anakhala nafe mpaka maso awo atafooka. Iwo anaphunzitsa anyamata aja kudinikiza m'misoko, nawonso anaphunzira kwa anyamatawo kuthamanga pang'ono, pang'ono chabe. Sitolo ya makina inatsegulidwadi, inatitengera masuti ndi majekete, koma amayi a ana aang'ono ankauzana okha kumene matewera amasitidwa kunja ndi m'kati. Amalume ankafotokozera anzawo kuti anawalangiza ndi iwo achemwali awo kusunga munthu wodziwa ntchito, ndipo amayi ankangowathirira tiyi.

Koma zimenezo n'zam'tsogolo. Sabata imeneyo adobi sindinawapatse moni, ngakhale anandibweretsera mango okoma a kumudzi kwawo. Amayi ndinawafunsa ndikusisima chifukwa chimene sanakapemphe zigamba kwa atelala a pakhonde, poti zinali mbwee. Anandiyankha akupinda matawulo, osakweza mutu: “Pa chigamba dzanja silinjenjemera, mwanawe.” Ndinaona ngati akungondizemba. Ndinavala diresi langa pa Khirisimasi, ndinakhala pabenchi yakumapeto, msana utagunda khoma, ndikuwerenga m'mutu machimo a amayi. Sindinkadziwa kuti masana aja china chake chinayenera kupsa basi, diresi kapena munthu, ndipo amayi anasankha chimene chikanavalikabe chitapsa.