Maso Papepala

Pakhonde la masitolo akale, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi, pali kachipinda kamene chitseko chake sichitseguka chonse chifukwa chimagunda tebulo. Mmenemo ndimo Mayi Taipi akhala zaka makumi awiri ndi zitatu akulembera anthu makalata: ofunsira ntchito, odandaula za madzi, opemphera ana malo kusukulu. Dzina lawo lenileni ngakhale telalayo analiiwala.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mtsikana, pamakina achitsulo aja olira ngati matalala padenga. Mphunzitsi wawo ankayenda ndi rula, ndipo wodzutsa mutu kuti aone zimene walemba ankailawa pazala. "Maso papepala! Wotaipa sawerenga. Mawu alowere m'maso, atulukire m'zala." Mayi Taipi anagwira phunziroli kuposa anzawo onse. Munthu ankatha kuwapatsa kalata yothetsa banja, iwo n'kuitaipa yonse popanda cholakwika, koma kuwafunsa madzulo kuti munali zotani, sankadziwa. Anthu ankawakondera zomwezo. Chinsinsi chinkadutsa mwa iwo ngati madzi m'paipi.

Amuna awo anali dalaivala wa basi, munthu woumira mawu. Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja linafa koma pakamwa panamasuka. Miyezi inayi yomaliza, Loweruka lililonse masana, ankafuna kuti awakankhire panjinga yawo ya odwala mpaka kukachipindako. Akafika ankangoti, "Mayi, taipani." Iwo ankayankhula, Mayi Taipi ankataipa, maso ali pakhoma. Sankamvetsera, ndipo ankachita dala, poti akanamvetsera akanalira, ndipo wolira sataipa. Anakwana masamba 62.

Maliro atatha, sanawatsegule masambawo, sanawasindikize, sanauzenso munthu, ngakhale mwana wawo wamkazi. Fayilo ya masambawo anaitcha BAMBO n'kuiika payokha m'kompyuta, kutali ndi makalata a anthu. "Ndidzawerenga mtima ukadzakhala pansi," ankadziuza choncho. Zaka zinayi zinadutsa mtima usanakhale pansi.

Kompyuta nayo inali itakalamba. Mafulashi a makasitomala anaidzaza mavairasi, moti kuyaka kokha inkatenga nthawi yoti munthu asese khonde lonse.

"Mayi Taipi, agogo anuwo adzuka?" telala ankafuula makina ake akulira. "Ine ndimaliza suti iwo asanatsegule maso!"

"Sokani zanu, bambo. Kolala yadzulo ija inapendama."

Mkamwini wawo, amene amagwira ntchito ya makompyuta, atabwera kudzaiona anapukusa mutu.

"Amayi, makinawa ndi abwinobwino. Chatopa ndi chimene chimawayendetsa m'katimu. Tiikemo Linakisi."

"Ndiye chiyani chimenecho, apongozi?"

"Ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse. Sagula. Anaipanga anthu ambirimbiri ongodzipereka, ndipo aliyense atha kuona mmene inalembedwera n'kuikonza. Palibe chobisika. Makina akale ngati awa imawapepukira, mavairasi a m'mafulashiwa saigwiranso wamba. Ndipatseni masiku awiri, ndiitenge kunyumba."

Mawu oti kunyumba ndi amene anawaopsa. Anaona m'maganizo mkamwini akutsegula fayilo ija, mwana wawo ataima kumbuyo, akuwerenga mawu amene iwo eni ake anali asanawawerenge.

"Ayi apongozi, musavutike. Ingondilemberani papepala, ndichita ndekha."

"Mutha, amayi?"

"Chilichonse cholembedwa papepala ndimatha."

Mkamwiniyo anaseka, n'kulemba mizere isanu ndi inayi m'zilembo zake zopendekera. Anasiya mafulashi awiri, yofiira yopanda kanthu ndi yakuda yokhala ndi Linakisi.

Lolemba m'mawa Mayi Taipi anaimika pepalalo pathabwa lawo loikapo zotaipa, kumanzere, pamene pakhala mapepala onse a moyo wawo. Mzere woyamba unati: Koperani mafayilo onse a ntchito pafulashi yofiira. Anakopera onse a ntchito, osasiya ngakhale imodzi. BAMBO sinali ya ntchito. Komanso fulashi ndi chinthu choyendayenda m'manja mwa anthu. Anaisiya pamene inali, poganiza kuti munthu akamasintha denga sataya katundu wa m'nyumba.

Analowetsa yakuda, nayatsanso makina. Mzere wachisanu ndi chimodzi unati: Ikafunsa, sankhani cha pamwamba, dinani batani lalikulu kawiri. Pasikirini panatuluka mawu, ndipo Chingerezi Mayi Taipi amachimva bwino lomwe. Mawuwo ankachenjeza kuti zonse za m'kompyuta zifufutika, ankafunsanso ngati munthu watsimikiza. Makinawo sanabise kanthu. Anaima, kudikira yankho. Koma maso anali papepala. Chala chaching'ono chakumanja chinagunda kawiri, mwaukhondo, monga chinaphunzitsidwira.

Pofika masana kompyuta inali ngati yatsopano. Inkayaka munthu asanakhale n'kukhala. Zinthu zinali zitasamuka malo, chotsekera chili uku, pulogalamu yolembera ili ndi dzina lina, koma zilembo zinali pomwe zinali kale, ndipo zala sizinasochere. Makina osindikizira nawo anavomera osanyinyirika.

"Ee, agogo abwerera utsikana!" anatero telala atasuzumira. "Muwasamale, awatenga anyamata."

Mayi Taipi anaseka tsiku limenelo. Amakumbukira bwino kuti anaseka.

Lachitatu, kasitomala atatuluka, anafuna kungoona dzina lija monga ankachitira nthawi zina, osatsegula, kungoliona. Silinali pamalo pake. Sanade nkhawa kwambiri. Zonse zinali zitasamuka, ndiye kuti nayonso ili pena pake. Anaphunzira kufufuza mafayilo. Anaphunzira kuonetsa obisika. Anafika mpaka potsegula kazenera kakuda kolembamo malamulo, kamene mkamwini anati asakakhudze msanga. M'masabata atatu anaidziwa Linakisi kuposa mmene anaidziwira pulogalamu yakale m'zaka khumi, ndipo zonsezo anaziphunzira pofunafuna chinthu chimodzi. Kufunsa ankachita manyazi. Uku akufuna, uku akutaipa makalata a anthu n'kumasunga, tsiku ndi tsiku.

Lamlungu lina masana, ali kwa mwana wawo, anayankhula maso ali pambale.

"Apongozi, zinthu zakale zija zimapita kuti?"

"Ziti amayi? Si munakopera pa yofiira?"

"Za ntchito ndinakopera."

"Nanga panalinso zina?"

Anafotokoza pang'onopang'ono. Mwana wawo anaika supuni pansi.

"Masamba 62 a bambo anga? Zaka zinayi, amayi, inu duu? Ine ndimalira kuti bambo anapita osandisiyira mawu, inu mukundipukuta misozi, mawuwo muli nawo?"

"Ndimati ndiyambe ndawerenga ine."

"Ndiye munawerenga?"

Mayi Taipi anapukusa mutu.

Mkamwini anabwera m'mawa mwake ndi zipangizo zake, nakhala pampando wa makasitomala mpaka dzuwa kupendeka. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Amayi, kufufuta kwa kompyuta kuli ngati kufufuta pabolodi. Tsiku loyamba choko chimaonekabe. Mukanandiimbira Lachitatu lomwelo, mwina tikanapulumutsa zambiri. Koma mwalembapo masabata atatu." Anakanda m'mutu. "Inenso ndinalakwa. Ndikanalemba kuti mafayilo onse, basi. Koma inakufunsanitu, amayi. Simunaone?"

"Maso anali papepala."

Zimene anatola zinali zinyenyeswa: theka la kalata ya munthu wodandaula za mita ya madzi, mayina a ana a sukulu ina, mizere ya zizindikiro zopanda tanthauzo. Chakumapeto anawaitana.

"Izi si za bambo?"

Inali mizere itatu. Woyamba unkanena za basi imene inafera pamlatho mvula ikugwa. Wachiwiri unali zizindikiro zokhazokha. Wachitatu unati: Mayi akutaipawa sakundimva, ndikuwadziwa ine, koma tsiku limene adzawerenge adziwe kuti chaka chija ndinachoka pakhomo

Panalibenso china. Pambuyo pake panali kalata ya wina yofunsira ntchito ya ulonda, imene Mayi Taipi anaitaipa okha Lachisanu lapitalo.

Chaka chimenecho amachikumbuka. Mwana ali ndi zaka ziwiri, bambowo anachoka miyezi isanu ndi iwiri, nabwerako ataonda, osanena kumene anali. Mayi Taipi sanafunse. Anadikira zaka makumi atatu kuti auzidwe, ndipo anauzidwadi, m'kachipinda momwemo, pamtunda wa mkono umodzi. Zala zawo zomwe zinalemba yankho lonse.

Mwana wawo anatenga mizere itatuyo n'kukaiika m'felemu. Amabwerabe kudzawaona, koma nkhani zawo tsopano ndi za mvula ndi za adzukulu.

Kompyuta ikuyenda bwino mpaka lero, siinavutepo. Wokonza mawotchi naye anaikamo Linakisi m'yake, ndipo amene anamuthandiza ndi Mayi Taipi. Atafika pamzere wachisanu ndi chimodzi wa pepala lija anamugwira dzanja.

"Werengani kaye. Mokweza."

"Aa, mayi, si mwanena kale kuti cha pamwamba?"

"Ndati werengani."

Makasitomala ena anasiya kubwera. Amati Mayi Taipi masiku ano achedwa, amawerenga kalata yonse asanaitaipe, mwinanso kufunsa kuti, "Apa mukutanthauza chiyani?" Munthu wobwera ndi chinsinsi safuna zimenezo.

Loweruka masana, khonde likakhala zii, amatsegula tsamba loyera n'kutaipa mzere uja mpaka pa mawu oti pakhomo. Kenaka amayang'ana kukhoma monga ankachitira, zala zili pamabatani, kuyembekezera kuti mwina zalazo zikumbukira zokha njira imene zinadutsa. Telala akamatseka shopu amasuzumira.

"Mayi Taipi, simukuweruka?"

"Pitani, bambo. Ndatsala ndi mzere umodzi."