Dothi la pakhomo pa achemwali

Ntchito yofufuza mankhwala a khansa ku Cape Town inandipezekera achemwali anga a Rozina atangouzidwa kuti ali ndi khansa. Ndiwo anandilera, ndi tomato wa mumsika wa Bangwe. Ndinati sindipita. Anandikalipira: "Iwe Tereza, ukhale pano uzindiyang'ana ngati TV? Pita ukapange mankhwalawo."

Pokwera basi anandipatsa kadothi ka pakhomo m'kapulasitiki. "Ukasungunule m'madzi ukamwe, madzi achilendo asakakudwalitse." Ine wa digiri ndinaseka, koma ndinalandira.

Ntchito yake inali yotere. M'dothi muli mabakiteriya opanga mankhwala opha khansa, koma ena mwa mankhwalawo amavulaza ndi thupi lomwe. Mabakiteriyawo ali ndi maenzaimu, tinthu timene timamata shuga pa mankhwala, ndipo shugayo amasintha kagwiridwe ka ntchito ka mankhwalawo. Ife tinkasintha maenzaimuwo kuti azimata shuga amene tikufuna, mankhwalawo asamavulaze thupi. Zambiri zinkangokanika. Kuchipinda kwanga kunalibe wolankhula naye Chinyanja, ndipo kulira ndinkalira ndithu.

Pafoni achemwali ankangoti, "Apsa mankhwala aja?"

"Achemwali, izi zimatenga zaka."

"Ndiye sonkhezera moto!"

Tsiku limene enzaimu yanga inamata shuga koyamba, ndinaimba kuti ndiwauze. Anayankha ndi aneba. Anati achemwali miyendo yakana, amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi ndiwo akusinthana kuwabereka mpaka pa siteji ya minibasi popita kuchipatala. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma ndalama sibereka munthu. Ntchito ndinasiyira anzanga, ndinanyamuka.

Ndinawapeza atatheratu, pakamwa pokha ndiye posasintha. "Wabwera chimanjamanja eti? Nanga dothi lija unamwa?"

"Theka ndinamwa. Theka ndinaliika m'timbale ta m'labotale, munamera mabakiteriya a mtundu womwe uja timafuna."

"Pakhomo pompano, pomwe ndimasesa daily?"

"Pompano. Ngati ali ndi mankhwala sindikudziwa. Ndifufuzira konkuno, ngakhale zipangizo zikhale zobwereka."

"Ufufuze, usasiye," anatero. "Ine mwina mankhwalawo sandipeza, koma ku wodi kuja tilipo ambiri. Mawa lokha kondibereka ndi kwako, amayi aja misana yawawa."

M'mawa mwake ndinawabereka kutsika nawo kumsewu. Anali opepuka kuposa dengu la tomato lija ankasenza kuti ine ndiphunzire.